Masiku Atatu ku Kyela

Fomuyo inafika Lolemba, pakati pa mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anaitsegula ndi Keziah Mwalwimba, chifukwa chilichonse chokhala ndi manambala pa ofesi ya Mpweya Wabwino chinkathera patebulo pake.

Ofesiyo inali nyumba wamba ya zipinda zinayi ku Biwi, yamalata otentha ngati chiwaya. Anthu khumi ndi anayi ankagwiramo ntchito yofufuza za utsi wa mbaula. Ankapatsa amayi a ku Kawale, ku Chinsapo ndi ku Mgona timakina tovala m'khosi, toyeza utsi umene mayi ndi mwana wakumsana amapuma tsiku lonse, kenako n'kumatsatira kuti ndi ana ati amene akudwala chifuwa. Keziah sankapita kawirikawiri kumakomo kwa anthu. Iye ankalandira manambala, kuwakonza, n'kuwatumiza ku Ulaya, komwe kunali bungwe lomwe linkathandiza kafukufukuyo.

Anali atagwira ntchitoyi zaka zisanu ndi chimodzi, m'mawa uliwonse minibasi ziwiri kuchokera ku Area 25, ndipo chaka chimenecho mtima wake sunkakhalanso m'malo. Anzake a ku koleji anali atamwazikana, wina ku Joni, wina ku Ulaya, akutumiza zithunzi atavala majekete okhuthala. Iye ankayang'ana zithunzizo, kuika foni pansi, kuitolanso, kudzuka kukamwa madzi alibe ludzu.

Kalata yomwe inabwera ndi fomuyo inali yaulemu. Inati bungwelo, lisanasankhe oti lipitirize kugwira nawo ntchito, likufuna kuyeza mabungwe onse amene limawathandiza, kuti lidziwe kuti lililonse ndi lolumikizana motani ndi maiko ena. Panali mafunso makumi atatu. Antchito angati anabadwira kunja kwa dziko? Angati anaphunzira kunja? Angati anapitako kunja pa ntchito m'zaka zitatu zapitazi? Malipoti angati analembedwa limodzi ndi akatswiri a maiko ena? Yankho lililonse linali ndi mapointi ake, ndipo kompyuta inkawonkhetsa yokha. Ofika pa 40 adzaganiziridwa poyamba, otsalawo adzaganiziridwa ngati patsala kanthu. Pansi pa kalatayo panali dzina la Lois Kanyenda, dzina lachimalawi lomwe Keziah ankangoliona pa imelo.

Anayankha zoona zokhazokha, ndipo pofika masana kompyuta inamupatsa 27.

Mkulu wa Mpweya Wabwino, Dokotala Gilford Mankhwazi, anaima kumbuyo kwake n'kuyang'ana nambalayo nthawi yaitali. Anali munthu wosatha kuganiza atakhala pansi. Anayamba kuzungulira m'chipindamo, makiyi a galimoto akulira m'manja. Anati sizingatheke kuti ntchito yomwe azungu amaitchula m'misonkhano yawo ipeze 27. Anati vuto la Keziah ndi kuwerenga mafunso ngati mayeso a Fomu 4, pomwe pepala lotere limafuna munthu wodziwa kulizungulira. Anakoka mpando, n'kuyamba naye pa funso loyamba.

Lachiwiri ndi Lachitatu anali pomwepo. Dalaivala wawo anapitako ku Chipata kukagula sipeya ya galimoto ya ofesi, ndiye umenewo unasanduka ulendo wa ntchito wakunja. Saida, yemwe ankayendera makomo a ku Kawale, anachitako maphunziro a milungu iwiri pa intaneti, aphunzitsi ali ku Nairobi, ndiye anasanduka wophunzira kunja. Malipoti asanu ndi awiri omwe analembedwa ku Ulaya ndi manambala a Keziah, dzina la a Dokotala litapanikizika pakati pa maina khumi a azungu, onse analowa. Keziah ankaseka poyamba, kenako anasiya. Nambala inakwera mpaka 35 n'kukakamira pomwepo.

Lachinayi m'mawa a Dokotala analowa akumwetulira, chikwama asanaike n'komwe. Anali atasanthula mafailo a antchito. Pa failo ya a Wakisa Mwakalinga, pamalo pobadwira, panalembedwa kuti Kyela, Tanzania.

"Funso loyamba likuti chiyani? Wobadwira kunja. Silikuti mlendo, silikufunsa za chiphaso. Mukalemba mmodzi pamenepo mwanama?"

Keziah anati sikunama, koma ndi bwino awafunse kaye eni akewo. A Dokotala anati a Wakisa ali ku Mgona, foni yawo imakhala yothima akakhala m'makomo, ndipo fomu ikutsekedwa mawa lake. Nanga ndani adzakhale pansi kufufuza nambala imodzi pakati pa mabungwe mazana awiri?

A Wakisa sanali munthu wamba kwa Keziah. Anali mnzawo wa malemu bambo ake, onse a ku Karonga, ndipo ankaimbira limodzi besi mu kwaya ya mpingo wa ku Area 25. Ngakhale anadzamanga ku Chinsapo, mpingowo sanausiye. Ndiwo anamuuza Keziah za ntchitoyi, ndiwo anamuperekeza tsiku loyamba. Pa ofesi onse ankamutchula kuti a Keziah, koma iwo ankangoti iwe, mwana wa Ezekiel. Zaka zawo zinali zitapitirira makumi asanu, ndipo m'dera lawo la Mgona kamakina sikanasowepo ngakhale kamodzi.

Keziah anawaimbira kawiri, foni sinalowe. Anafufuta ziro n'kulemba 1. Nambala inadumpha kufika 41, chifukwa funso limenelo linali lolemera kuposa onse. Pansi pake panatuluka kabokosi kopempha dzina ndi chithunzi cha munthuyo. Keziah anaikapo chithunzi cha pa khadi yawo ya ntchito, n'kutumiza.

Anadziuza kuti awafotokozera Lamlungu. Lamlungu anawaona akutuluka m'tchalitchi ndi anzawo a kwaya, akuseka, ndipo anaona kuti si nthawi yake. Lachisanu atabwera ku ofesi kudzasiya timakina, m'chipindamo munali anthu. Lamlungu linalo kunagwa mvula yoyamba, aliyense anathamangira kwawo. Kenako nkhaniyo inayamba kuoneka yakale.

Patatha milungu itatu, Lachiwiri, a Wakisa sanapite ku ntchito. Lachitatu chimodzimodzi, foni ili yothima. Timakina ta ku Mgona tinkayenera kutengedwa mabatire asanathe, choncho Keziah anapita yekha ndi mndandanda wa makomo. Anasochera m'tinjira ta pakati pa nyumba, akudumpha ngalande, akufunsa ogulitsa makala. Pakhomo lililonse funso linali lomwelo: a Mwakalinga ali kuti? Mayi wina anakana kuvula kamakina m'khosi. Anati anamuveka ndi a Mwakalinga, adzamuvula ndi a Mwakalinga. Pa timakina khumi ndi tiwiri Keziah anangopeza tisanu. Sanabwerere ku Biwi. Anakwera minibasi ya m'tauni, pa depoti n'kukwera ina ya ku Chinsapo.

Nyumba ya a Wakisa inali ya njerwa zootcha, yosapaka pulasitala, kuseri kuli mapapaya ndi mizere ingapo ya chinangwa. Akazi awo, mayi Rozina, anali kuchapa pakhonde. Anayankha moni manja ali m'beseni, n'kuloza m'nyumba ndi mutu.

A Wakisa anali pampando atavala malaya a ku ntchito, nsapato atamanga, ngati munthu amene anakonzeka kunyamuka n'kusintha maganizo. Patebulo panali pepala losindikiza. Anamukankhira.

Linali tsamba la pa intaneti la bungwe la ku Ulaya lija. Pamwamba panali mapu a dziko lonse ndi mawu onyadira kuti kafukufuku wawo sadziwa malire. Pansi panali nkhope zambirimbiri, iliyonse ndi kambendera kake. Nkhope ya a Wakisa inali pamzere wachitatu, pambali pake mbendera ya Tanzania.

Anamufotokozera pang'onopang'ono, osakweza mawu. Kwa zaka ziwiri anali pa mkangano wa malire a puloti ndi neba wawo, a Chikafa. Kuyambira kale a Chikafa ankanena kuti a Wakisa ndi Mtaifa, alibe danga lokhala ndi malo kuno, koma anthu ankangoseka chifukwa chiphaso chawo anachiona. Tsopano mlamu wa a Chikafa analemba dzina lawo pa intaneti n'kupeza tsambalo. Analiponya pa gulu la Watsapu la m'deralo, anasindikiza makope, ndipo limodzi analipereka ku komiti yomwe inkayenera kumva mlandu wa malirewo Loweruka. Mawu anali oti chiphaso chawo ndi chogula, taonani ngakhale mabwana awo akudziwa.

"Mukudziwa kuti ku Kyela ndinakhalako masiku angati, a Mwalwimba?"

Chibadwire cha Keziah, a Wakisa anali asanamutchulepo choncho.

"Atatu. Chinali chaka cha madzi osefukira, msewu wa ku Karonga utaduka. Amayi matenda atawayamba, chipatala chofikirika chinali cha tsidya lina. Anawaolotsa Songwe pa bwato. Tsiku lachinayi anandibweretsa kwathu ku Iponga, mchombo usanagwe. Masiku atatu amenewo ndakhala ndikuwafotokoza moyo wanga wonse. Kusukulu ndinafotokoza. Potenga chiphaso ndinabwerera kumudzi kawiri kukatenga mboni. Ndimayesa ndinamaliza."

Keziah anavomera kuti analemba ndi iye, ndipo anati anayesa kuimba. Anafuna kunena za a Dokotala, za mapointi, za anthu khumi ndi anayi a pa ofesi, koma atangoyamba anadzimvera yekha momwe zinkamvekera, n'kusiya. A Wakisa anamufunsa chinthu chimodzi chokha, kuti masiku atatuwo anapindula nawo chiyani. Anawauza kuti mapointi asanu ndi imodzi. Anagwedeza mutu, n'kupinda pepala lija kawiri.

Mayi Rozina sanamuperekeze.

Lachinayi m'mawa Keziah anafika ku Biwi mlonda asanaweruke. A Dokotala ataona tsambalo anakhala pansi, chinthu chomwe sankachita kawirikawiri. Anadandaula kuchokera pansi pa mtima. Anati iwo sanadziwe kuti zithunzizo zidzaikidwa poyera, ndipo adzapita okha ku Chinsapo kukapepesa. Koma anati zotsatira zituluka pakatha milungu iwiri. Zikatuluka, alembera ku Ulaya kuti akonze. Keziah anati mlandu ndi wa mkuja. A Dokotala anati angathe kulemba kalata yopita ku komitiyo, ya pa ofesi pomwepo, osadziwitsa a ku Ulaya. Keziah anati komiti idzafunsa kuti nanga bwanji mbendera ikadali pomwepo.

"Ndiye mukufuna ndidzawauze chiyani anzanuwa mu Disembala? Saida ali ndi ana atatu. Mwaganizapo za Saida?"

Anatenga makiyi, nati ali ndi msonkhano, akambirana masana.

Keziah anayesa kulowetsa manambala a timakina tisanu tija, koma ankangolakwitsa. Anatuluka panja, anabwerera, anatsegula zenera, analitsekanso chifukwa cha fumbi. Cha m'ma teni analembera Lois Kanyenda. Yankho linabwera nthawi yomweyo, la kompyuta, lonena kuti mwini wake ali patchuthi ku Malawi mpaka kutha kwa mwezi, ndipo pansi pake panali nambala ya foni ya konkuno. Anaimba. Mawu a mzimayi anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati ali kwa amayi ake ku Area 23, abwere.

Anamupeza pakhonde atamanga chitenje, akusenda mango ndi kampeni. Anali wa zaka za m'ma fote, ndipo anati kunja wakhalako zaka khumi ndi zisanu. Anapukuta manja, kutenga foni ya Keziah, n'kuyang'ana tsambalo. Anati amene amakonza tsambalo ndi a chipinda china, amangotenga zomwe zabwera m'mafomu, safunsa munthu.

Kenako anamuyalira njira ziwiri. Angathe kutumiza uthenga kuti munthuyo sakufuna chithunzi chake poyera, ndipo chidzachoka lero lomwe, mapointi osakhudzidwa. Kapena angathe kulemba kalata ya bungwe yonena kuti analakwitsa, a Wakisa ndi Mmalawi. Koma kalata yotere siyenda yokha. Oona za mafomu adzatsegulanso yankholo, chifukwa ngakhale funso linati wobadwira kunja, chomwe ankafuna chinali alendo. Adzachotsa mapointi asanu ndi imodziwo, ndipo akatsegula kamodzi amayang'ananso zina.

Keziah anati chithunzi chikangosowa mwakachetechete, a Chikafa adzati abisa umboni, ndipo makope ali nawo kale. Lois anavomereza kuti n'zoona.

M'nyumba wailesi inkalengeza za maliro. Keziah anafunsa, mwina mwaukali kuposa momwe anafunira, kuti fomu yoteroyo anaiganiza ndani.

"Ifenso amatiyeza," anatero Lois. "Boma lomwe limatipatsa thandizo linatumiza fomu yake. Mu bodi mwanu muli angati ochokera kumaiko amene mumawathandiza? Palibe. Mwa osankha kafukufuku woti athandizidwe? Palibe. Mwa antchito? Ndine. Nkhope yanga ili pachikuto cha lipoti lathu zaka zinayi zotsatizana. Tsamba mwalionali analipanga kuti tikhale ndi choyankha pa fomu imeneyo."

Keziah anamuuza za mayi wa ku Mgona wokana kuvula kamakina, n'kufunsa ngati pa mafunso makumi atatu aja panalibe malo a zoterozo. Lois anati iye anapemphapo kuti pakhale funso loona kuti anthu a m'dera amalikhulupirira motani bungwelo, koma anamuyankha kuti zimenezo sizingawerengeke mofanana ku Malawi ndi ku Peru. Anatero akutola makoko a mango n'kuwaunjika m'mbale.

Anamuchenjeza kuti asasankhe chifukwa cha manyazi a dzulo, pakuti pa ofesipo pali anthu enanso. Keziah anadzuka, anayenda mpaka pageti, anaima kuyang'ana akabaza akudutsa pamsewu wafumbi, n'kubwerera. Anati akufuna kalatayo. Lois anati sangalembe mkulu wa bungwe asakudziwa. Keziah anaimbira a Dokotala pomwepo, ataimirira. Anawafotokozera zonse.

"Mwaganiza kale," anatero a Dokotala. "Auzeni alembe. Ine ndisaina yanga."

Loweruka komiti inakumana m'kalasi ya pa sukulu ina ya pulaimale ku Chinsapo. Anthu anadzaza mabenchi, ena anasuzumira pamazenera, chifukwa nkhani ya Mtaifa inali itayenda. Wapampando anali mayi wina wopuma pa uphunzitsi, wa magalasi omangidwa ndi ulusi. A Chikafa analankhula nthawi yaitali, pepala lili m'mwamba. A Wakisa anangoika chiphaso chawo patebulo n'kukhala pansi. Sanayang'ane kumene kunali Keziah.

Atapatsidwa mpata, Keziah anaimirira n'kunena dzina lake ndi ntchito yake. Anawerenga makalata awiriwo m'Chingerezi n'kuwamasulira. Anati amene anapereka dzina ndi chithunzi ndi iyeyo, eni ake osadziwa, pofuna kuti bungwe lake lioneke lolumikizana ndi maiko ena. Anthu ena sanamvetse kuti kukhala ndi mlendo kungakhale chinthu chopezera mapointi, ndipo anafotokoza kawiri.

A Chikafa anadzuka osadikira kuloledwa.

"Ndiye tiuzeni, amayi. Munanamiza azungu, kapena mukunamiza ife?"

M'kalasimo munamveka kung'ung'udza. Keziah anayankha.

"Zomwe ndinawalembera azungu zinali zoona, koma ndinkadziwa kuti iwo adzamva zina. Inuyo sindikukunamizani."

Wapampando anatenga chiphaso, kuchitembenuza, n'kuchibweza kwa mwini wake. Anati komiti yawo sinakhazikitsidwe kuti iziona kumene munthu anabadwira, nkhani ili pano ndi ya malire, ndipo Lachitatu abwera ndi chingwe. Anabweradi. Malire anasunthira phazi limodzi ndi theka mkati mwa a Wakisa, mtengo umodzi wa papaya n'kupita kwa a Chikafa, ndipo onse awiri anatsala akudandaula. Chithunzi chinachoka pa intaneti, koma m'mafoni a anthu chinatsala. Pofika kumapeto a mwezi akabaza anali atayamba kutchula pokhota pa nyumba ya a Wakisa kuti pa Taifa, ndipo dzinalo linakhala.

Ku Ulaya anatsegula fomuyo monga ananenera Lois. Anachotsa mapointi asanu ndi imodzi, anachotsanso ulendo wa ku Chipata ndi maphunziro a Saida. Mpweya Wabwino inatsala ndi 31. Zotsatira zitatuluka, inali m'gulu lachiwiri. Anawalola kupitiriza ku Mgona kokha, chaka chimodzi. Kawale ndi Chinsapo zinkayenera kutsekedwa, ndipo anthu asanu anauzidwa kuti ntchito yawo itha ndi mwezi wa Disembala.

A Wakisa anabwerera ku ntchito Lolemba lotsatira mlandu uja, ndipo timakina tisanu ndi tiwiri tomwe tinatsalira ku Mgona anatibweretsa tonse tsiku lomwelo. Ankapereka moni kwa Keziah mwaulemu, kusiya chikwama cha timakina, n'kutuluka. A Dokotala sanamudzudzulepo. Anayamba kulembera mabungwe ena ofuna thandizo, ndipo lililonse linkabwera ndi fomu yakeyake. Mafomuwo ankamutumizira Keziah pa imelo ali m'chipinda choyandikana nacho.

Sabata yomaliza isanafike Khrisimasi, Keziah anapita ku Kawale ndi Saida kukatolera timakina komaliza. Saida anali mmodzi mwa asanu aja. Kunali mitambo, matope ali ponseponse, ndipo ankayenda mondondozana, Saida patsogolo. Pakhomo lililonse Saida ankagwada, kufunsa za mwana ndi dzina lake, n'kufotokoza kuti kafukufuku watha. Amayi ena anafunsa ngati zotsatira adzazimva. Wina anafunsa ngati tsopano angathe kubwezera mbaula m'nyumba, ndipo Saida anamuuza mwamphamvu kuti ayi, utsi sunathe, chomwe chatha ndi kuyeza. Keziah ankangolandira timakina n'kuchonga pamndandanda.

Atamaliza makomo khumi ndi anayi anakhala pabenchi ya pa golosale ina, mvula ikuwaza. Saida anavula nsapato imodzi n'kumachotsa matope ndi kamtengo. Anati a Wakisa ndi munthu wabwino, ndipo zomwe zinawachitikira sizinali zachilungamo. Anati iyenso akanakhala iwo akanakwiya. Anapala nsapatoyo mbali inayo.

"Koma mukanangodikira milungu iwiri yokha, a Keziah. Papaya uja anapitabe."

Keziah anabwezera mndandanda m'chikwama. Ankadziwa mayankho angapo, ndipo lililonse linali loona, koma panalibe limene akanatha kuliuza munthu amene mwezi wamawa adzakhala pakhomo. Anati pepani. Saida anati si nkhani yopepesa, wangonena. Mchemwali wake ali ndi benchi ya kaunjika ku Chigwirizano, mwina ayamba wathandizako kumeneko.

Pamndandanda panatsala dzina limodzi. Saida anati mayi ameneyo anasamuka sabata yatha, anapita kwa apongozi ake ku Njewa, kamakina kali m'khosi. Anang'amba kapepala n'kujambula njira: potsikira, mjigo, tchalitchi chosamaliza, kenako nyumba ya chitseko chobiriwira. Anati akafika asafunse dzina la pamndandanda, palibe amene amalidziwa, afunse make Aminah. Iye sakanatha kumuperekeza, ankayenera kupita ndi mwana ku sikelo. Anavala nsapato ija, anafunda chitenje kumutu, n'kulowa m'kanjira ka pakati pa mipanda.

Keziah anakwera minibasi mpaka m'tauni. Yopita mbali ya ku Njewa inali ndi anthu atatu okha, kondakitala atatsamira chitseko akudya chimanga chootcha. Anakhalamo mphindi khumi, chikwama cha timakina chili pamiyendo. Anthu sankabwera. Anatsika, kondakitala akumuitana kuti inyamuka pompano, n'kukweza dzanja kuimitsa kabaza woti amufikitse ku Njewa.